Amuna Khumi pa Manda a Mayi Pomeranc

Ku Ripponlea kuno buku silinkafika m'manja mwa mtsikana lisanadutse kwa Mayi Gittel Pomeranc, ndipo likadutsa kumeneko linkatuluka litavala. Si nthabwala ayi. Mayiwa anali ndi laibulale ya atsikana m'galaja yawo, yotsegula Lamulungu lililonse masana, ndipo buku lililonse ankaliwerenga okha tsamba ndi tsamba, cholembera chakuda chili pakhutu, guluu ali m'thumba la epuloni. Akapeza chithunzi cha mtsikana wovala malaya a manja aafupi, ankamuwonjezera manja mpaka pachikhatho. Siketi yolekeza m'maondo ankaitsitsa mpaka mu akakolo. Panali buku lina la kusambira momwe aliyense ankadumphira m'dziwe atavala ngati akupita ku ukwati.

Akazi onse a m'dera lino ali ndi nkhani yawoyawo ya mayiwa, ndipo akaiyamba amaseka mpaka misozi. Amene sakuseka bwino ndi Yocheved Lerner. Iyeyu anawalakwira mayiwa pagulu, ndipo mayiwo anapita iye asanawapepese.

Komatu Yocheved anakulira m'galaja imeneyo. Buku lomwe ankalikonda kwambiri linali la mtsikana wina wa kufamu. Nkhumba zonse za m'bukumo Mayi Pomeranc anazifufuta n'kulembapo nkhosa, poti mwana wachiyuda nkhumba alibe nazo ntchito, ndiye mpaka zaka khumi Yocheved ankadziwa kuti nkhosa zimagubuduka m'matope ndipo zili ndi kamchira kopiringizika. Banja la m'bukumo likakwera galimoto pa Sabata, Loweruka lomwe Ayuda sakwera galimoto, iwo ankalikokera ulendowo Lamulungu, mwakuti mlungu wina unali ndi ma Lamulungu awiri otsatizana. Mnyamata wa pafamu yoyandikana, yemwe ankayenda kwambiri ndi mtsikanayo, anamusandutsa mtsikana dzina lake Tamar kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Vuto linali lakuti kumapetoko Tamar anakula. Yocheved, ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, anapita nalo bukulo patebulo pawo chala chili pamzere.

"Mayi Pomeranc, nanga Tamar akumeta bwanji ndevu?"

"Zimachitika, mwanawe," anatero osadzutsa n'komwe mutu. "Ukadzafika msinkhu wangawu udzamvetsa."

Pa nkhani ya zaka ndiye analibe chibale. Mashelefu anawagawa motsata msinkhu, ndipo tsiku lobadwa la mwana aliyense ankalidziwa kuposa mayi wake womubereka. Mtsikana akatambasula dzanja kulunjika shelefu ya a zaka khumi ndi ziwiri, ankamuuza kuti kwatsala miyezi inayi, buku lilibe miyendo, lidikira. Pomwe cholembera chalephera ankamata masamba awiri pamodzi. Atsikanawo, monga mukuwadziwira ana, anatulukira nzeru yomatula ndi nthunzi ya ketulo. Yocheved nayenso anayesa, n'kupeza tsamba lonse lili bii ndi inki, pakati pali kapepala kolembedwa bwinobwino kuti: "Ndakuona. Umatenso mowongoka."

Amayi a atsikanawo ankagona tulo tabwino. Mwana akabwera ndi buku la m'galaja, panalibe chifukwa cholitsegula. Palibe amene anadzifunsapo kuti munthu mmodzi ankatha bwanji kuwerenga zonsezo, ngakhale pamene mayiwa anayamba kugwiritsa ntchito galasi lokulitsira zilembo.

Zinthu zinavuta zaka zinayi zapitazo. Yocheved anali atakwatiwa, mwana wake Bluma atayamba kuwerenga yekha, ndipo amayi anaitanidwa kuholo ya sukulu Lamulungu lina masana kuti akambirane za mabuku. Kunja kunali kutayamba kutuluka mabuku olembedwera atsikana a mabanja opembedza, oyera kuchokera kwa wolemba, osafuna guluu. Yocheved ankafuna kuti sukulu igule amenewo, ndipo mfundo yake inali yomveka. Akanangonena n'kukhala pansi bwenzi palibe mlandu. Koma ayi, mkazi wa mulomo ameneyu anatulutsa buku la kufamu lija n'kuyamba kuliwerenga mokweza, mawu atawapanga kukhala a Mayi Pomeranc, n'kakutsokomola kawo komwe. Akazi anaseka mpaka mawigi kupendekeka.

Ali pakati pa tsamba anawaona Mayi Pomeranc. Anali atakhala kumbuyo pafupi ndi tebulo la tiyi, chikwama cha mabuku chili pamiyendo, mabuku omwe anabweretsa kuti aonetse msonkhano. Maso awo anakumana. Apa ndi pomwe pamamuwawa Yocheved mpaka lero, chifukwa sanasiye. Kusekedwa ndi holo yonse kunali kokoma, ndipo ndevu za Tamar zinali zisanafike. Anapitiriza mpaka anazifika.

Sukulu inagula mabuku atsopano, ndipo atsikana anasiya kupita kugalaja.

Kwathu kuno kuchititsa munthu manyazi pagulu si tchimo laling'ono, ndipo likamayandikira tsiku la Yom Kippur, lopempha chikhululuko cha machimo, aliyense amadziwa kuti Mulungu sakhululukira zomwe unalakwira mnzako usanapite kwa mwiniwakeyo. Chaka choyamba Yocheved anafika mpaka pageti. Anaona chitseko cha galaja chili chotsegula, mayi atakhala okha patebulo, iye n'kudutsa ngati akuthamangira thiramu, sitima ya mumsewu ija. Chaka chachiwiri anaphika keke ya uchi yoti akapepesere, koma inapsa pang'ono m'mbali, ndiye anaona kuti si ulemu, ana n'kuidya. Chaka chachitatu anati apita zikondwerero zikatha, phuma litachepa. Mayi Pomeranc anamwalira mu Julaye, kukuzizira koopsa.

Yocheved atapita kwa a Rabi kukafunsa chochita, anamuyankha zomwe ankaziopa. Munthu akamwalira usanamupepese, umatenga amuna khumi, n'kukaima nawo pamanda ake, n'kunena mokweza chomwe unalakwa. Yocheved anafunsa ngati sangakwanire atatu, makamaka ogontha. A Rabi anati khumi, ndipo akumva.

Mwamuna wake Feivel ndiye anatenga ntchito yosonkhanitsa anthu, koma pofika kumanda ku Springvale Lamulungu m'mawa anapezeka asanu ndi anayi, iye yemwe kuwerengera. Wina anali atadwala dzino. Anaimirira mumphepo akuyang'anayang'ana, mpaka Feivel anaona mkulu wina wa chipewa chakuda akubwera pang'onopang'ono pakati pa manda, n'kumukodola mosangalala. Yocheved anamuzindikira asanafike. Anali Bambo Leibish Pomeranc, obwera kudzaona manda a akazi awo monga anthu amachitira Yom Kippur ikamayandikira.

"Feivel, chonde, aliyense koma iwowa ayi," ananong'ona.

"Wakhumi sasankhidwa, Yocheved. Nena tizipita, anthu azizidwa."

Yocheved ananena zonse. Anafotokoza za holo, za mawu omwe anatsanzira, za chikwama pamiyendo, ndiponso kuti anawaona koma sanasiye. Atatchula za nkhosa za m'matope, bambo wina wa ndevu zake zotuwa analephera kudzigwira, kuseka kunamuphulikira m'mphuno, ndipo mnzake wa pambali anayamba kugwedezeka mapewa. Zinadziwika pamenepo kuti theka la amuna amenewa linkaba mabuku a alongo awo. Yocheved naye kuseka kunamufika pakhosi, ndipo anadzida kwambiri, chifukwa anali ataseketsanso anthu ndi mayi yemweyo, pamanda pake penipeni.

Amunawo ananena katatu kuti wakhululukidwa, monga mwambo ulili. Bambo Pomeranc ananena nawo katatu konse. Ena atayamba kubwerera kumagalimoto, mkuluyo anatsalira, n'kuika kamwala pamanda. Yocheved ankafunitsitsa kuti amukalipire, amuuze kuti akazi awo analira, sanadye, anamutemberera. Zimenezo akanatha kuzisenza.

"Tsiku lija ndikulikumbukira, mwanangu," anatero. "Anafika kunyumba, anaika chikwama pansi. Kenaka anati, 'Leibish, mwana uja amawerenga bwino mokweza. Sathamanga, amapuma poyenera kupuma. Sindinataye nthawi pa iyeyo.' Za iwe sananenenso china mpaka tsiku lomwalira."

Anakonza chipewa chawo n'kumapita.

Masiku ano m'galaja muja mumagona galimoto la mdzukulu wawo. Mabuku atsopano aja atsikana anawamaliza onse m'chaka chimodzi, poti mwana wa zaka khumi ndi chimodzi amameza buku ngati nthochi, ndiye ayambanso kubwera ndi a kulaibulale ya m'tauni. Amayi amaimbirana foni kufunsana ngati pali amene analiwerengapo lakutilakuti, ndipo yankho limakhala lakuti ndinafika tsamba la makumi atatu, zinkaoneka bwino. Lamulungu masana msewu uja uli zii, mulibenso timagulu ta atsikana tokangana za yemwe ayambe kubwereka.

Amuna khumi anamuuza Yocheved kuti wakhululukidwa, ndipo a Rabi akuti mlandu unathera pamenepo. Iye amavomera ndi mutu. Koma akazi anzake akayamba nkhani za Mayi Pomeranc n'kumupempha kuti awatsanzire, poti palibe wina amatha ngati iye, Yocheved amanyamuka kukatsuka makapu omwe ndi otsuka kale.