Tsiku limene ndinakana kufa pamaso pa apongozi

Amene mukuti ndi bodza imikani dzanja ndikuoneni. Ine ndinalapa kalekale, mowa ndinasiya, kunama ndinasiya, ndiye zimene ndinene pano ndi zoona zokhazokha.

Nthawi imeneyo ndinkakhala kunja kwa dziko lathu, m'dera lina la mumzinda lotchedwa Kangemi, ndikugwira ntchito yophika panyumba ya alendo ya mpingo ku Lavington. Kunabwera azungu a ku Mangalande kudzajambula filimu ya mfuti, nkhani yake yakuti kazitape wawo akulondola bomba lobedwa, ndipo aliyense womutsekera njira azifa. Bwana wa filimuyo atadya mandasi anga anati nkhope yangayi ndi ya munthu wofa msanga. Anandiveka yunifolomu ya ulonda. Ntchito yanga inali imodzi basi: kazitape akawombera, ine ndigwe chagada, miyendo m'mwamba.

Tsono apongozi anga aakazi anali atabwera kuchokera ku Dedza kudzaona khanda, ndipo mayi a kunyumba, osandiuza, anawakweza minibasi, imene kumeneko amati matatu, n'kubwera nawo ku Syokimau kumene tinkajambulako. Potembenuka ndinangoona chitenje chawo pansi pa mtengo. Inu mukudziwa. Mkamwini ngakhale kudya pamaso pa apongozi sadya, nanga kugona chagada? Akanakanena kumudzi banja likanathera pomwepo, khanda n'kupita nalo.

Kazitape anawombera. Ine chiimire. Anawomberanso, ine n'kupinda manja mwaulemu. Bwana anakalipa kuti, "Iwe, ifa!"

Ndinati, "Pepani bwana, pali akuluakulu."

Ndiye anasiya zoseweretsa n'kubweretsa zenizeni. Mukumva? Anandigunda ndi lole, lole n'kukwinyika ngati chitini chopondedwa, dalaivala n'kutsika kudzandipepesa. Anandiponya kuchokera mu helikopita, ine n'kutera choimirira moti zidendene zinaboola nthaka mpaka madzi anatumphuka, ndipo Amasai akumwetsa ng'ombe pachitsimepo mpaka lero. Pomaliza anandimangirira bomba lija pamsana, linaphulika n'kundikweza kumwamba kwakuti ndege za pabwalo lapafupipo zinaima pamzere kudikira kuti ndidutse, ndipo ndinaona Dedza ndi maso angawa, mbuzi za apongozi zikudya chimanga cha eni, koma potsika ndinagwira thalauza kuti mphepo isandivule, n'kutera pomwe paja, chipewa chili kumutu.

Kazitape anakhala pansi n'kulira. Azunguwo anachita kusintha nkhani yonse kuti iyeyo azingondilambalala.

Filimu itatuluka, olemba nyuzi a ku London anainyoza kwambiri. Ati nkhani yosamveka mutu wake, mfuti zambiri nzeru zochepa, kazitape wouma ngati chitsa. Chimene anayamikira ndi khutu la mlonda, poti azungu aja, chifukwa cha nsanje, anandidula thupi lonse n'kusiya khutu lokha m'mphepete mwa chithunzi. Anthu akufa, nyumba zikugwa, khutu lili njo. Kaonereni nokha, ndi langa. Lili ndi kachipsera ka mafuta otentha.

Za apongozi ndisaiwale. Tsiku lomwelo titafika ku Kangemi, msana ukufukabe utsi, ndinatuma mayi a kunyumba kuti akawafunse ngati anaona mmene mkamwini wawo anaimira. Ine ndinali kuseri kwa chitseko, ndipo yankho ndinalimva ndekha.

"Ndione chiyani ine? Nditangomva kuti akamwini ali pomwepo ndinadzifunditsa chitenje kumaso mpaka tinakwera galimoto."

Abale, bwenzi nditangogwa pa chipolopolo choyamba chija.