Don Nicanor ndi Chigawo Chachitatu

Ku Tucumán kuno aliyense ankadziwa kuti Don Nicanor Lazarte, wophika wa kalabu yathu ya ragibi, sankaonera masewero. Anakalambira pa kalabupo, koma ife tikamagwetsana m'bwalo, iwo ankakhala pa uvuni atatifulatira. Ankati zigawo ziwiri zoyambazo n'zongoutsa njala. Masewero enieni ndi chigawo chachitatu, pamene eni bwalo amakhala pansi ndi alendo n'kudya ma empanada, timitanda ta ufa tokhala ndi nyama m'kati, wothyoledwa mphuno moyandikana ndi womuthyola.

Ukawauza kuti tapambana, ankangofunsa kuti, "Nanga alendo akhuta?"

Mnyamata wina wa ku Buenos Aires anayesapo kudya empanada ndi foloko. Don Nicanor anamulanda folokoyo.

"Iwe, tangadza miyendo, werama, luma, msuzi udonthere pansi. Folokoyi ukadzikandire nayo kwanu."

Ndiye kunabwera nkhani yoti ligi yathu ilowetse matimu akutsidya kwa nyanja. Wapampando wathu, Doña Herminia Paz, anapita yekha kukhitchini kukawanyengerera.

"Don Nicanor, tizioneka pa kanema dziko lonse."

"Akatha kusewera azidya kuti?"

"M'ndege. Amakhala ndi changu."

"Azisewerera m'ndege momwemo."

Doña Herminia anaitanabe timu ya ku South Africa kuti tiyese, zimphona zokhazokha. Mphunzitsi wawo ananeneratu kuti wezulo yomaliza ikangolira, basi yawo inyamuke kupita kubwalo la ndege. Tsiku limenelo Don Nicanor anasiya uvuni masewero ali mkati, zomwe sizinachitikepo. Anapita kwa dalaivala wa basiyo, bambo wa konkuno, n'kumugwira dzanja.

"Achimwene, mukhala padzuwa ngati mulibe abale? Bwerani mungolawa."

Analawadi. Kenako kapu ya vinyo yotsitsira, kenako ina yoperekeza inzake. Pomwe tinkatuluka m'bwalo, dalaivala anali akuimba, ndipo anakanitsitsa kugwira chiwongolero atamwa. Zimphona zinaima pa basi yokhoma, mphunzitsi akulalata pa foni, fungo la nyama likuwapeza pomwepo. Woyamba kugonja anali amene anandiponda pakhosi. Ndege inawasiya. Anadya mpaka Don Nicanor anatha ufa, ndipo wina anawanyamula ngati khanda n'kuwapsompsona pa dazi.

Pa msonkhano wovotera nkhani ya ligi ija, Don Nicanor anaimirira atavala epuloni.

"Abwere. Anthu odya chonchi sungawakanize. Koma dalaivala muzindisiyira ine."

Holo yonse inafa ndi phwete, ndipo tinavomereza.

Anamwalira nyengo yatsopanoyo isanayambe, ndipo palibe wina mwa ife amene ali ndi mtima wouma ngati wawo woti n'kubera alendo dalaivala. Matimu akutsidya akubweradi, bwalo likudzaza, pa kanema tikuoneka. Ma empanada awo timawaikira m'makatoni, basi imanyamuka pa nthawi yake. Ndimawasowa kwambiri madala aja. Timadya tokhatokha, mabenchi a mbali inayo ali mbee, ndipo amene anandithyola nthiti sabata yatha sindikumudziwa n'dzina lomwe.