A Mlengalenga ndi Buku Lachitatu

Aliyense mumsewu mwathu ankadziwa kuti kwa a Mlengalenga supitako uli pachangu. Ankasoka nsapato pakhonde la sitolo ya zitsulo, ndipo anali ndi lamulo limodzi: ankalandira nsapato imodzi yokha, yovula pomwepo. Ukangoima ndi mwendo umodzi ngati kakowa, iwo ankaikhalira nsapatoyo n'kuyamba kukufotokozera buku limene awerenga.

Dzinalo linachokera m'mabukumo. Mwana wawo wamkazi, amene ankagwira ntchito kutali, ankawatumizira nthano zopeka za zombo zopita ku nyenyezi, maloboti ndi zinjoka zouluka zolavula moto. Iwo ankawerenga zonse, n'kuziweruza ngati milandu.

Tsiku lina kalaliki wa kubanki anafika akuthamanga, nsapato itayasama kutsogolo.

"Madala, ndachedwa kuntchito. Ingomatani."

"Vulani. Eya. Tsono tamvani, bwana. M'buku latsopanoli loboti ikulira."

"Madala…"

"Ikulira! Maloboti akale ankafuna kutitha tonse, munthu unkawerenga thukuta lili kamukamu. A masiku ano amangokhala pawindo n'kumadzifunsa ngati ali ndi mtima. Ndiye ine ndikagula loboti, ndizikaitonthozanso?"

"Basi yandisiya, madala."

"Ibwera ina. Nanga inuyo kubankiko, mtima muli nawo?"

Mabuku a mafumu ndi malupanga ndiwo ankawapsetsa mtima kwambiri. "Anthu ayenda wapansi chaka chathunthu," ankatero, "m'mapiri, m'matope, m'miyala, koma palibe nsapato yoduka ngakhale imodzi! Wolembayu sanayendepo." Mayina ataliatali ankawakana. Mfumukazi ina yadzina lopotokola lilime ankangoitchula kuti a Nkhanza. Komabe ankavomera kuti olemba atsopano aphunzirako. "Kale ngwazi inkakhala kalonga basi. Pano atha kukhala mtsikana wokolopa, ndipo magetsi a m'chombo amathimathima ngati kwathu konkuno."

Akazi awo, amene ankagulitsa makala kuseri kwa sitoloyo, ankangopukusa mutu. "Anzanu akudandaula za mvula, inu mukudandaula za mwezi wa eni ake."

Ine ndinali wamanyazi, moti ndinkalolera kuyenda ndi nsapato yong'ambika tsidya lina la msewu. Koma ndinkamvetsera. Ndinkadziwa kuti pa nthano zonsezo, inawagwira mtima ndi ya mtsikana wokolopa uja. Chombo chake chinanyamuka n'kumuiwala padziko lina lozizira, lopanda munthu. Mabuku awiri anatha asanabwerere kwa anzake, ndipo a Mlengalenga anadikira lachitatu ngati mwana wawo weniweni ali paulendo.

Pamene linkafika, maso awo anali atachita ng'ala. Kusoka ankasokabe ndi zala, koma zilembo zinawathawa. Anangoliika pamiyendo n'kumalisisita. Sabata imeneyo anthu ankalandira nsapato zawo mwachangu, popanda nkhani, ndipo ankachoka akucheukacheuka ngati pali chimene aiwala.

Kenako lamba wa nsapato yanga anaduka pamaso pawo penipeni.

"Ndiwe mwana wa a telala, eti? Sekondale unamaliza?"

"Eya, agogo."

"Vula. Khala apa. Tsegula."

Ndinayamba kuwerenga motsitsa mawu.

"Kweza mawu, iwe! Ukuwerengera nyerere?"

Ndinakweza pang'ono. Wometa tsitsi anatuluka ndi kasitomala wometedwa mbali imodzi. Mayi wa kusaluni anabwera ndi mpando wake. Ndinkafuna pansi patang'ambika ndilowe, koma agogo sanandipatse mpata wochita manyazi, chifukwa mzere uliwonse ankaudula.

"Ima! Wati wasungunula madzi oundana? Moto waupeza kuti?"

"Sananene, agogo."

"Mwaona? Olemba awa! Pitiriza."

Masana aliwonse zinkatero. Bukulo linali lonenepa, ndipo ndi kudulidwa konseko tinkayenda ngati kamba. Wometa ankawachonderera kuti, "Madala, musiyeni mwanayu awerenge, tifa tisanamve mathero!" Tonse tinkaseka. Sitinkadziwa kuti chifuwa chimene agogowo ankachitcha fumbi chabe chinali chitawalowerera.

Atalephera kudzuka, ndinkapita kukawerengera kuchipinda kwawo. Munali fungo la guluu ndi zikopa, mabuku ataunjikana mpaka pawindo. Sankandidulanso kawirikawiri, ndipo zimenezo zinkandiopsa. Ndinayamba kuthamangitsa mawu.

"Usathamange," anatero. "Koma usachedwenso."

Tinafika tsamba lomaliza dzuwa likupendeka. Mtsikanayo anali atalumikiza kachombo ndi zitsulo zotayidwa, anawapeza anzake, anafika pachitseko cha chombo chachikulu, anagogoda. Ndinatembenuza tsamba. Panali mzere umodzi wokha, woti nkhaniyi ipitirira m'buku lachinayi.

Ndinalingalira zopeka mathero anga. Koma anali atamva kale kuti tsambalo ndi lomaliza, choncho ndinawerenga mmene panalembedwera.

A Mlengalenga anaseka, anaseka mpaka chifuwa chinawatsamwitsa, akazi awo n'kuthamangira madzi.

"Achifwamba!" anatero atapeza mpweya. "Mwana wa eni ake wavutika chonchi, n'kumusiya pakhomo? Musadandaule. Ine ndikupita komweko kumwambako. Ndikawagogodera ndekha."

"Musamalankhule choncho, bambo," anatero akazi awo, akupukuta m'maso ndi nsalu.

Sanathe masiku ambiri.

Pakhonde paja pano pamaimikidwa njinga. Msewu ndi womwewo, phokoso ndi lomwelo, koma palibenso wokangana ndi anthu a ku nyenyezi, ndipo kumwamba kwangosanduka kumene kumachokera mvula basi.

Buku lachinayi linafika mwezi wathawu, chifukwa mwana wawo anati sakanatha kulisiya m'sitolo. Akazi awo aja anandiitanitsa. Wometa anabwera, wa kusaluni anabwera, ngakhale kalaliki wa kubanki anakhala pa thumba la makala ndi thalauzi lake loyera. Ndinawerenga mokweza, ndipo panalibe wondidula. Nditafika poti chitseko chinatsegukira kunja, kumene kulibe mpweya, ndinapezeka nditaima ndekha. Tonse tinadikira.

"Apa akanakana," anatero akazi awo aja pang'onopang'ono. "Pitiriza, mwananga. Amulowetsa?"