Kerubi wa pachitseko

Lolemba
Bambo Mfumu, mzungu wa kumishoni, andionetsa chithunzi chobwera pa sitima ya pamadzi: kamutu ka khanda, masaya ofufuma, mapiko awiri m'khosi. Thupi palibe. Akuti ndi kerubi. Nkhope ya mwana ndiyo mtima woyera, mapiko ndiko kuthamangira ntchito ya Mulungu. Akufuna wotere pamwamba pa chitseko cha tchalitchi chathu chatsopano kuno kwa Katunga. Ine pakamwa pafulumira: "Wosema ngalawa angalephere kamutu?" Anthu onse amva.

Lachiwiri
Zilipo: chipika cha mbawa, kasemasema, mpeni. Chosowa: khanda lokhala phee kuti ndizionera. Ndabwereka la mlongo wanga. Lalira, landikodzera, mayi wake walitenga.

Lachitatu
Ndikusema za m'mutu. Tsaya limodzi lathetheka. Ndachepetsa linalo kuti afanane. Kerubi waonda ngati wam'chaka cha njala.

Lachinayi
Mapiko atha. Apongozi aima chapatali, afunsa m'Chisena chawo: "Ninji ichi? Kadzidzi wa mutu wa munthu?" Tsopano popita kumadzi akuzungulira kuseri. Ana aleka kusewera pabwalo panga.

Lachisanu
Ndapaka njereza kuti ayere. Zaipiratu. Mkazi wanga wayang'anitsitsa nthawi yaitali. "Bambo a Fulaye, amenewa si a Zuze?" A Zuze ndi aphunzitsi athu a katekisimu. Ndiwodi! Dazi, mphuno, zonse. Sindinachitire dala.

Loweruka
Ndamukulunga mumkeka mpaka kumishoni. Bambo Mfumu avundukula pamaso pa amayi ozira pansi. A Zuze ali pomwepo. Bambo akuti akutsokomola, koma mapewa akugwedezeka. A Zuze, motsitsa mawu: "Achimwene, ndinakulakwirani chiyani?" Ndabwerera njira ya m'bango kuti ndisakumane ndi munthu.

Lamulungu
Misa ndamvera kuseri kwa mzati. Pachitseko apachika mtanda wa timitengo tiwiri, ndipo ukuoneka bwino. Kerubi uja mkazi wanga wamuimika pamtengo m'munda wa mapira. Potuluka, Bambo andigwira phewa: "Usade nkhawa. Akerubi oyamba anaikidwa kulonda munda wa Edeni."
Madzulo ndapita kukaona. Mpheta sizikuterako. Anansi ayamba kale kundipempha kuti ndiwasemere "a Zuze" awoawo. A Zuze eni ake amva.
Ndiyamba kupemphera tsidya linalo la mtsinje.