Tambala wa Chinkhoswe M'mitambo ya Indiana

Amene akuti ndikunama aike mbale pansi, andiyang'ane m'maso. Ine ndakhala ku Joni, ndatsuka magalimoto, ndayendetsa mathiraki, koma za mizinga youluka ija ndinazimva koyamba ku South Bend, kunyumba yosamalira okalamba kumene ndinkagwira shifiti ya m'mawa. Kunali agogo ena achizungu amene pa unyamata wawo ankapanga zimenezo. Tsiku lina ndikuwadyetsa phala anatola nthochi, n'kuibaya masupuni kumbuyo, amvekere, "Mzinga ulibe chiwongolero, uli ndi tizipsepse ngati ta nsomba. Ukapendeketsa kamodzi pang'ono, mphepo imakankha mchira uku, mphuno n'kuloza uko. Koma uzithamanga. Ukafooka, mphepo siigwira."

Ndiye kunabwera chinkhoswe cha mwana wa mlongo wanga ku Lawrence, kufupi ndi Indianapolis, ine malume ake, nkhoswe. Mukudziwa kuti akuchimuna timapereka tambala, akuchikazi thadzi, ndipo akuchikaziwo anali atanenetsa kuti akufuna wamoyo, osati wa mufiriji, komanso kuti akapanda kufika dzuwa lisanalowe, akuluakulu awo akwera ndege kubwerera ku Texas, ukwati udikire chaka china. Mnyamata anali ataonda kale ndi chikondi, chaka china sakanachiona. Ndinagula tambala pafamu ina kunja kwa South Bend, wofiira, mchira ngati tsache latsopano, n'kumukhazika pampando wakumbuyo.

Nditangodutsa Kokomo msewu wonse unasanduka galasi ndi madzi oundana, ndinaponda buleki, buleki inamira mpaka pansi, ndinapotoza chiwongolero, chiwongolero chinatsala m'manja, mphepo yochokera ku nyanja ya Michigan inandimenya kumsana, galimoto inakwera pamulu wa sinoo, chipale choyera cha m'nyengo yozizira, amene anamukankhira m'mbali mwa msewu, n'kunyamuka osabwereranso, minda ya chimanga n'kutsala pansi ngati mphasa zoyanika. Mukumva? Vuto silinali kuuluka ayi, vuto linali loti mphuno inaloza ku Illinois.

Apo ndinakumbukira nthochi. Ndinatsegula chitseko chakumanzere pang'ono, mphepo inachigwira, galimoto inakhota bwinobwino ngati pa raundabauti, koma ine mwa chimwemwe ndinachikankha kwambiri, ndiye tinazungulira chadodolido, tambala akulira kudenga, makoyini a m'thumba akugwera kumwamba, mpaka ndinatsegula chakumanja ndi phazi kuti tiwongoke. Ndikafuna kukwera ndinkakoka chotsegulira buti, ndikafuna kutsika boneti, atsekwe opita kum'mwera akundipatsa njira mwaulemu. Ndikulumbira, wina anandigwedezera mutu.

Tikuyandikira Indianapolis zitseko zonse zinathothoka, china chinakagwera ku Ohio. Ndinatsala ndi chiyani? Tambala. Ndinaswa galasi lakumbuyo ndi nsapato, ndinamumanga miyendo ndi lamba wa pampando, mchira kunja, mutu mkati, n'kutulutsa njere ya chimanga m'thumba la jekete. Ndikaionetsa kumanzere, iye amatembenuka kuti aijomphe, mchira umapendekeka, galimoto imakhota. Ndikaikweza, timatsika. Chiwongolero chofewa chonchija sindinachigwireponso, ngakhale m'mathiraki.

Pamwamba pa Lafayette Square fungo la nyama yootcha linandifika, ndinachepetsa liwiro kuti ndinunkhize bwino, pomwepo mphepo inasiya kugwira mchira monga ananenera agogo aja, tinayamba kugwa ngati thumba la simenti, ndiye ndinalozetsa mphuno pansi dala kuti liwiro libwerere, ndinadutsa pakati pa basi ndi mawaya a magetsi, okwera basi akundibayibitsa, n'kukwezanso, kenako ndinatera ku Lawrence kutsogolo kwa holo, n'kupaka pakati pa mizere yeniyeni, dzuwa likadali pamwamba pa mitengo. Mukumva?

Koma mchira wonse unali utathothoka m'njira. Nkhoswe yakuchikazi, bambo andevu a suti yotuwa, anamutembenuza tambala uja kumbuyo, amvekere, "A malume, mukutinyoza? Mwatibweretsera nkhuku yosavala?"

Mnyamata thukuta kamukamu. Ine ndinati, "Bambo, uyu wayendetsa galimoto kuchoka ku Kokomo. Thadzi lanulo linayendetsapo chiyani?" Anayang'ana thadzi lawo, thadzi linayang'ana pansi. Anamulandira tambala ndi manja awiri, nthungululu zinamveka mpaka ku Beech Grove kuno, ndipo banja lija lilipo, ana ake ndi awa akutiyankha m'Chingerezi pabalazapa.

Mukuti chiyani alamu? Munandiona ndikutsika basi ndi katoni yoboola? Linali tsiku lina limenelo, ndiponso tambala wina.

Ndipatsireni jekete langa uko, tiyi ndidzamwa ulendo wina. Ndani akulowera cha ku Lafayette Road andinyamuleko? Galimoto yanga ija zitseko sizinapezekebe.