Tinagawana Makutu ndi Mlamu Wanga

Mpaka lero minibasi ikaima pa Mlare ndimayang'ana kumbali, ngati kutsidya kwa msewu kuli chinthu chosangalatsa. Kulibe. Ndimangoopa kukumana maso ndi munthu amene analipo tsiku lija, ndipo analipo ambiri: makwaya asanu ndi imodzi, abusa awo, kuphatikiza amayi ogulitsa mandasi.

Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito, ndimakhala pa Uliwa, ndipo kwa zaka zoposa makumi awiri ndinkatsogolera kwaya ya mpingo wathu. Nyimbo ndimazikonda mopitirira muyeso. Ndili ndi makaseti odzadza sutikesi (wailesi yake inafa kalekale, koma makasetiwo sindilola munthu kuwakhudza). Kale ndinkaimbitsa kwaya maso ali chitsinzire, ndipo wina akasochera pakati pa anthu makumi atatu ndinkamuloza ndi chala osatsegula maso n'komwe. Koma chakudza sichiyimba ng'oma. Poyamba ndinangoona kuti anthu onse a m'boma la Karonga ayamba kulankhula chapansipansi. Kenako mbalame zinasiya kulira. Kenako amayi a sopulano anayamba kumangotsegula pakamwa popanda mawu, ndipo ndinawakalipira chifukwa cha ulesi.

Tsiku lina akulu a mpingo anandiuza mwaulemu, mokweza mawu ndithu, kuti tikabwerako ku chikondwerero cha makwaya ku Mlare tidzakhale pansi tione za utsogoleri wa kwaya. Munthu wamkulu amadziwa tanthauzo la kukhala pansi kotereku. Zinandipweteka, sindibisa. Choko ndinasiya osadandaula, koma kwaya ndiyo inali yokhayo yondidzutsa m'mawa.

Mwana wanga wamkazi wa ku Mzuzu anati, "Adada, pitani kuchipatala akakuyezeni kaye, pali timakina toika m'khutu." Ndinafunsafunsa. Mzere wa odikira unali wautali kuposa masiku amene ndinali nawo, ndipo togula wekha, tenitenito, mtengo wake unali wa ng'ombe yabere.

Apa m'pamene akulowera a Msiska, mlamu wanga, mchimwene wa mayi a kunyumba. A Msiska anagwira ntchito pachigayo moyo wawo wonse, ndipo chigayocho chinawasiyira zinthu ziwiri: makutu ogontha ndi mawu ofanana nacho. Zaka zapitazo ankafuna kulowa kwaya, ine n'kuwauza kuti Mulungu angamutumikire bwino poimba belu. Anavomera, koma sanaiwale.

Anabwera kunyumba akupuma wefuwefu. "Mlamu, pulikani, tamvani! Kwa Che Amidu kwabwera makutu!"

Che Amidu ndi mkulu wa ku Mangochi amene ali ndi golosale pa Uliwa, momwe mumapezeka chilichonse kuyambira singano mpaka batire ya sola. Anatulutsa kabokosi koyera kochokera ku Tanzania, mkati muli tizinthu tiwiri tangati nyemba. Mtengo wake unali wa mbuzi, osati ng'ombe. Komabe kwa munthu wa penshoni mbuzi ndi mbuzi.

A Msiska anandikokera pambali (ndikati pambali ndikutanthauza kuti tinasuntha pang'ono n'kuyamba kukuwirana, msika wonse ukumva).

"Mlamu, pamunda wa mpunga timachita bwanji? Inu muli ndi ng'ombe imodzi, ine imodzi, timamanga goli limodzi. Apa muli tiwiri. Khutu lanu lofa kwambiri ndi liti?"

"Lakumanzere."

"Langa lakumanja. Mwaona? Chiuta ndi wamkulu."

Kwathu kuno kuphatikiza ng'ombe si nkhani yachilendo, choncho nzeruyi inandikomera. Che Amidu analoza kabokosiko.

"Aphunzitsi, zinthuzi zimabwera ziwiri chifukwa munthu mmodzi ali ndi makutu awiri."

"Ifenso tili ndi makutu awiri oipa," ndinayankha. "Masamu ndaphunzitsa ine, Che Amidu."

M'kabokosimo munali kapepala ka malangizo, kolembedwa tizilembo tating'ono ngati nyerere. Magalasi ndinali nditasiya kunyumba, ndiye ndinakapinda n'kukaika m'thumba. Safunsa anadya phula.

Titavala, dziko linatseguka. Ndinamva njinga ikulira unyolo, ndinamva mapepala a shuga akukhwekhwereza, ndinamva mayi wina akutsutsa mtengo wa usipa. Tinagwirana chanza ndi a Msiska n'kusiyana, iwo kulowera kumsika, ine kunyumba. Ndisanafike pamjigo, m'khutu mwanga munalankhula mzimayi. Ananena liwu limodzi lachingerezi chachilendo, mwaukali pang'ono, kenako zii. Ndinatembenuka. Panalibe mzimayi aliyense, koma mbuzi.

Ndinabwerera kwa Che Amidu kukadandaula, n'kupeza a Msiska afika kale ndi dandaulo lomwelo. Tisanayambe kulankhula, mzimayi uja ananenanso liwu lina, mokondwa tsopano, ndipo timakinato tinayambanso kugwira ntchito.

"Nanga vuto lili pati?" anafunsa Che Amidu.

Tinachita manyazi n'kuchoka. Pamjigo, zii. Tinabwereranso. Katatu konse tinayenda ulendo umenewu, mpaka a Msiska anayamba kukayikira kuti mwina Che Amidu anatsirika golosale yawo kuti katundu azigwira ntchito pakhomo pokha. Ine ndinkaganiza kuti vuto ndi mjigo. Anali Che Amidu amene anatulukira chinsinsi. Anatiimika pamsewu, n'kuuza a Msiska kuti aziyenda akuwerenga mapazi. Pa phazi la khumi ndi chiwiri, mzimayi analankhula.

"Tizinthuti timafunana," anatero Che Amidu. "Mukatalikirana timakwiya."

Munthu wanzeru akanabweza katunduyo pomwepo, kapena kugula gawo la mnzake. Ife tinagwirizana kuti tiziyendera limodzi mpaka za ku Mlare zitatha.

Sabata imeneyo sindidzaiwala. Kumsika limodzi, kumaliro limodzi, kukatchaja kabokosi limodzi. A Msiska akapita kuseri, ine ndinkaima chapatali pang'ono ngati mlonda, ndikuyang'ana mitambo. Koma chimene chinandisokoneza mutu ndi zimene ndinkamva. Ndinkamva munthu akutafuna nzimbe m'mutu mwanga pamene ine sindikudya kanthu. Ndinkamva kupuma kwamphamvu, ndikagwira mpweya kupumako kumapitirira. Mayi a kunyumba akandilankhula pafupi ndinkangomva patalipatali, koma akapita kukhonde kukanong'oneza mchimwene wawo kuti, "Alamu anuwa zayamba kuwasokonekera," ndinkamva bwinobwino ngati wailesi. Ndinaganiza kuti kamakinako kakuzolowera khutu pang'onopang'ono, ndipo kayamba ndi miseche.

Pokonzekera nyimbo Lachinayi ndinawakhazika a Msiska panja, pansi pa windo la tchalitchi. Nditakweza dzanja, m'khutu munalira tambala. Nditatsitsa, nkhuku ndi anapiye ake. Kwaya ndinkaimva ngati ili kumudzi wina. Ndinaimitsa nyimbo n'kulamula kuti atulutse nkhuku m'tchalitchi, ndipo anthu anasuzumira pansi pa mabenchi mwaulemu osapeza kanthu. Ndinapita kunyumba ndili wosokonezeka, koma ndinadzilimbitsa mtima kuti ku Mlare kulibe nkhuku zambiri chonchi.

Vuto la ku Mlare linali lina. Makwaya ankaimbira kutsogolo, pamene anthu wamba ankakhala kutali, mapazi oposa makumi awiri (ndinapita kukayeza ndekha). Panalibe kuchitira mwina. Ndinawabwerekera a Msiska malaya oyera ndi tayi yofiira.

"Mlamu, muima pakati pa abambo a besi. Koma chonde, muzingotsegula pakamwa. Mawu ayi."

"Ndiye kuti ndalowa kwaya?"

"Mwalowa mzere."

"Yewo, mlamu. Yewo chomene," anathokoza, maso akunyezimira. Panthawiyo ndikanayenera kuchita mantha.

Tsikulo linafika. Tinali achinayi kuimba. Ndinaima kutsogolo, ndinakweza manja, ndipo nyimbo inayamba. Abale, ndime yoyamba ija! Ndinamva besi, besi yeniyeni, yakuya, yofunda, imene ndinali ndisanaimve kwa zaka. Misozi inalengeza. Ndinatsinzina monga kale, ndikunena mumtima kuti akulu a mpingo aone okha.

Pa ndime yachiwiri, chinthu china chinabangula m'mutu mwanga.

Sanali mawu a kwaya. Anali mawu amodzi, aakulu, okhakhala, otsalira m'mbuyo ndi mzere wathunthu, ndipo sankakwera kapena kutsika, ankangopera. Kwaya yonse inazimiririka kuseri kwake. Ine ndinaganiza kuti ana anga onse asochera nthawi imodzi. Ndinayamba kuwathamangitsa ndi manja kuti afulumire. Mawuwo sanafulumire. Ndinaponda pansi ndi phazi. Ndinaloza kumwamba kuti akweze, kenako pansi kuti atsitse, kenako mbali zonse chifukwa sindinkadziwanso chimene ndikufuna. Akuti ndinalumphanso (ine sindikukumbukira, koma mboni ndi zambiri). Amene anaona amati sopulano inathamanga n'kufika kumapeto, alito inabwerera ku ndime yoyamba, tenala inagawanika pawiri, ndipo mkulu wina wa besi anangokhala pansi.

Kenako ndinakuwa, maso ali chitsinzire, "Amene akupera chimangayo asiye!"

Kuperako kunasiya. Ndinamva kupuma kwamphamvu, kenako nsapato zikuyenda, phazi limodzi, lachiwiri, lachitatu. Mzimayi uja ananena liwu lake laukali, kenako zii.

Tsono chete ameneyu ine ndinamuzolowera. Kwa zaka ndakhala ndikuimbitsa kwaya m'chete wotere, nyimbo ikuyenda m'mutu mwanga mokha. Choncho ndinapitiriza. Ndime yachitatu yonse ndinaiyendetsa bwino kwambiri, mofatsa, manja akuyandama, mpaka ndinaitseka ndi chibakera m'mwamba. Nditatsegula maso, anthu makumi atatu anali atatseka pakamwa akundiyang'ana. Anali atasiya kuimba kalekale. Kumbuyo kwanga tchalitchi chonse chinkagwedezeka, abusa ena atabisa nkhope m'mipango, ndipo pakhomo ndinaona tayi yofiira ikutuluka.

Tili panja pansi pa mtengo wa mango, NyaGondwe, mphunzitsi wachitsikana amene amaimba alito, anapempha kapepala ka malangizo kaja. Kanali kadakali m'thumba la jekete. Anawerenga pang'ono n'kugwira pakamwa.

"Adada, kamene kamatola mawu ndi kakumanja kokha. Kakumanzere kamangolandira."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti sabata yonseyi mwakhala mukumvera pa khutu la a Msiska."

Ndinakhala pamuzu. Nzimbe zija, nkhuku zija, miseche ija, zonse zinabwera pamzere. Koma panali chinthu china chimene sichinkandimvekera, ndipo ndinafunsa mayi a kunyumba, amenenso ndi a kwaya.

"Nanga inu, zaka zonsezi mumaimba bwino. Lero mwasokonezeka bwanji chifukwa cha manja okha?"

Anayang'anana ndi NyaGondwe. Kenako anandiyandikira kukhutu labwinoko n'kulankhula pang'onopang'ono kuti pasatayike liwu.

"Bambo, papita zaka ziwiri tisakutsatirani. Timayang'ana mutu wa NyaGondwe, akagwedeza ife timalowa. Inu tinkangokusiyani muzikupiza manja, poti zimakusangalatsani. Koma lero munalumpha. Munthu akalumpha umamuyang'ana."

Kuseka kwa anthu a ku Mlare kunandichititsa manyazi, koma mawu awawa anandilasa penipeni. Zaka ziwiri anthu makumi atatu akusunga chinsinsi kuti nkhalamba isagwe ulesi. Sindinadziwe ngati ndikwiye kapena ndithokoze, ndipo mpaka pano sindinasankhe.

Akulu a mpingo sanavutike kukhala pansi, ndinawatsogolera ndine potula pansi udindo ndekha. Kwaya tsopano ili m'manja mwa NyaGondwe. A Msiska ndinakawapepesa ndi nkhuku, ndipo timakina tonse tiwiri ndinawasiyira (akuti akumva bwino kwambiri, makamaka mawu awo, ndipo ayamba kuimba kumunda). Ine dzina langa lili pa mzere wa kuchipatala, ndikudikira kuyezedwa monga mwana wanga ananenera poyamba paja.

Lamulungu ndimakhala pabenchi yakutsogolo, pafupi ndi besi, pamene thabwa limanjenjemera akafika pansi. Ndimadziuza kuti ndaphunzira kukhala phee. Koma nyimbo ikafika pakati, dzanja lamanja limayamba lokha, pansi pa buku la nyimbo, kuwerenga kugunda kwake. Palibe amene amaliyang'ana, ndipo kwaya ikuimba bwino kwambiri.