Chitenje cha Alamu Anga pa Kachulu

Manyazi awa bola muwamve kwa ine mwini, vidiyo yake isanakupezeni pa foni.

Inali nthawi ya kampeni. Ndinapita ku Kachulu kukacheza ndi achinyamata ovota koyamba za mmene angasiyanitsire nkhani yoona ndi mphekesera. Deralo linali litagawikana pakati pa anthu awiri olimbirana uphungu, ndipo anyamata awo anali atagendana kale padoko.

Potsika minibasi ndinaona kuti pamsonkhano pabweranso akuluakulu a kumzikiti, chonsecho ine ndili m'thirauzi. Alamu anga, amene amagulitsa matemba pomwepo, anandiponyera chitenje. Ndinamanga mothamanga. Kutsogolo kunkaoneka tinsomba tojambula basi.

"Ine ndilibe mbali," ndinayamba motero. "Uthenga ukafika pa foni, musathamangire kuutumiza. Funsani kaye kuti wachokera kwa ndani."

Achinyamatawo anali atakhala mogawikana, otsatira wina kumanja, otsatira winayo kumanzere. Nditatembenuka kuti ndilembe pabolodi, a kumanja anawomba m'manja. A kumanzere anangoti zii. Ndinati nkwabwino, ena amva, ena akusinkhasinkha.

Kutembenuka kachiwiri, kumanja kunalira nthungululu. Kumanzere mabenchi anayamba kugwedezeka, ndipo mtsikana wina anandilozetsa foni. Jafali, msodzi wamtali wa mbali imeneyo, anaimirira ali ndi mwala m'manja.

"Achemwali, wakutumani ndani?"

"Palibe. Onse awiri ndimawalemekeza mofanana."

"Nanga bwanji mwabwera ndi mmodzi?"

Ndinayang'ana kumsewu, kunalibe galimoto ya bwana aliyense.

"Ali kuti?"

"Mukakhala pansi mumukhalira."

Ndinakokera chitenje chija kutsogolo. Nkhope ya mmodzi wa opikisanawo inali ikundimwetulira, mano onse panja, pansi pake palembedwa kuti timuvotere. Nthawi yonseyi bamboyu ankachita kampeni kumbuyo kwanga!

Pofuna kuonetsa kuti ndilibedi mbali, ndinachimasula n'kuchiponya pansi. Ndinatsala chilili m'thirauzi yothina, pamaso pa akuluakulu aja.

Che Saidi, wamkulu wa onse, anayang'ana kunyanja n'kutsokomola.

"Mayi, munthuyo ine sindimuvotera, koma chonde mubwezereni pomwe anali."

Woyamba kuphulika ndi phwete anali Jafali, mpaka mwala unamugwa.

Kufufuza nkhani n'kofunika ndithu, koma chitenje chobwereka yambani mwachitambasula.